Mphutsi m'garafa ya Musa

Mphutsi yoyamba ndinaitola ndi kaphesi ka udzu. Inali yoyera, mutu wakuda, yopyapyala ngati ulusi. Ndinaiphwanya pa chikhadabo. Nditapalasa dothi pang'ono ndinaona zina, zili piringupiringu pakati pa mizu. Ndinatsitsa mphuno pakamwa pa garafa. Munkanunkha khola la mbuzi.

Ndinali pa khonde la nyumba yathu ku Ngauma, nyumba imene theka la denga lake linali lisanafoleredwe. Mkazi wanga, amake Luwiza, anali ataima pakhomo, lichero lili m'manja.

"Mwathiramo chiyani muno?" ndinafunsa.

"Kamaoneka kanjala," anatero. "Ndinangokapatsa timanyowa pang'ono."

Ndinapitiriza kutola.

Garafayo inali yagalasi, yaikulu, yotakata kukamwa moti dzanja limalowa. M'kati munali kachomera kamodzi. Masamba ake ndi aatali ngati chala, aubweya wofiira, ndipo pansonga pa kaubweya kalikonse pamakhala kadontho konyezimira ngati mame. Koma si mame. Ndi ulimbo. Ntchentche ikatera sichoka. Tsamba limaipinda pang'onopang'ono n'kuidya. Ife ogwira ntchito tinkakatcha kamame. Kanali ka Musa, mnzanga wa ku Cuamba amene ndinamusiya m'manda ku Joni. Ndinamulonjeza kuti ndikakapereka kamoyo m'manja mwa mkazi wake.

Ndinachoka kwathu nkhondo isanafike kumudzi. Tinkangomva kuti kumunsi kwatentha. Luwiza, mwana wathu mmodzi yekhayo, anali akuyamwa. Ndinauza mayi ake kuti ndikakhala mvula ziwiri, ndikagule malata ndi njinga, ndibwere. Ndinafika pa Mandimba wapansi, ndinalowa m'Malawi, kenako ndinakwera magalimoto a katundu, ina pambuyo pa ina. Mvula ziwiri zija zinakhala khumi ndi zinayi.

Ndinayamba ndi kuthyola malalanje. Kenako kukumba ngalande. Pomaliza ndinafika kumunsi kwenikweni, kumene mvula imagwa nthawi yozizira ndipo mphepo ya kunyanja imalowa mpaka m'mafupa. Kumeneko kunali dona wokalamba amene anali ndi nyumba zagalasi zisanu. Sankalima chakudya. Ankalima zomera zodya tizilombo, n'kumagulitsa kwa anthu a m'tauni oika pa mazenera. Zina zinali ndi timitsuko tokhala ndi zivundikiro. Zina zinkatseka kamwa ngati msampha. Kamame ndiko kanali kochuluka.

Tsiku loyamba ndinaima pakhomo la nyumba yagalasi, ndikuganiza kuti andinamiza. Munthu wina wamfupi, wadazi, anandigunda ndi ndowa kumsana n'kundifunsa m'Chipwitikizi kuti ndine wa kuti. Nditati Ngauma anaika ndowa pansi. Anati iye ndi wa ku Cuamba, kuseri kwa njanji, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndine mlamu wake, kaya ndifune kaya ndisafune. Ameneyo ndiye Musa. Iye Mmakua, Msilamu. Ine Mnyanja, wa tchalitchi. Kwathu mwina tikanangodutsana pamsika. Kumeneko tinagona chipinda chimodzi zaka zisanu ndi zinayi.

Chipindacho chinali cha malata, kuseri kwa matanki a madzi. Mabedi awiri, mbaula imodzi, misomali iwiri yopachikapo majekete. Nthawi yozizira malata ankadontha, bulangete n'kudzuka lili chinyezi. Manja ankang'aluka ndi madzi ozizira. Musa ankalankhula, ine ndinkamvetsera. Ankati mawu anga ndimawasunga kuti ndikagulitse ku Mandimba. Ankandiuza za komboyo, sitima ya pamtunda yochokera ku Nacala, mmene imalirira isanaoneke, mmene ankatsitsira matumba a mchere pa siteshoni. Ankandiuza za mkazi wake Zainabu, wogulitsa nsomba zouma pamsika, amene ankati pakamwa pake m'pakuthwa kuposa pa iye mwini. Nkhani zinali zomwezomwezo chaka ndi chaka. Sindinatope nazo.

Mwezi wake wosala kudya ndinkasenza ndowa zake masana. Pa Khirisimasi ankagula nkhuku, n'kuizinga yekha kuti nayenso adye. Apolisi akabwera kudzafunsa mapepala, ankandikankhira pansi pa thandala la miphika, n'kuima patsogolo pake akuthirira, akuimba. Madzi ankandidonthera m'khosi. Akapita, ankati mlamu wamera mizu, tuluka.

Malamulo a dona anali awiri. Madzi a mvula okha, a m'thanki, osati a pampopi. Ndipo chakudya ayi. Manyowa ayi, adubu wa m'sitolo ayi. Dothi lake linali ndere zouma ndi mchenga wotsuka, dothi loti chimanga sichingamere n'komwe. Chifukwa chake sananene. Ankangoloza ndi chala n'kupukusa mutu.

Ine ndine mwana wa mlimi wa fodya. Ndinakula ndikusenza manyowa kupita ku nazale ya bambo anga, ndipo tsamba likachita chikasu ndinkadziwa chochita. Mwezi wanga wachiwiri ndinaona mzere wina wa miphika ukufooka. Kuseri kwa mpanda kunali mulu wa manyowa a akavalo, wa kumunda wa maluwa. Ndinatapako, ndinafikisa ndi manja, ndinathira pang'onopang'ono mumphika uliwonse. Ndinkaganiza kuti dona andiyamika. Patapita masabata awiri mzere wonse unada. M'dothi munadzaza mphutsi.

Musa ndiye anaona poyamba. Anandifotokozera kuti mizu ya zomerazi imapsa ndi chakudya, chifukwa zinazolowera kumera pamalo anjala, n'chifukwa chake zimadya ndi masamba. Anatinso dothi lonona limaitana tintchentche takuda timene timaikira mazira mmenemo. Kamame kamagwira tintchentcheto, koma mphutsi zake zimakhala pansi, pamene ulimbo sufika, zikudya mizu.

"Kamadya amayi awo, ana n'kubwezera kunsi," anatero. "Ngati nkhondo ya kwathu, mlamu."

Dona atabwera anafunsa kuti wachita ndani. Ine ndinali watsopano, wopanda mapepala. Musa anavula chipewa n'kunena kuti ndi iye, anasokoneza matumba. Dona anamukalipira mpaka nkhope kufiira, koma sanamuchotse, chifukwa panalibe wodziwa ntchitoyo ngati iye. Titaweruka ndinafuna kunena kanthu. Anandiuza kuti ndisawononge mawu anga, ndikagulitse.

Pa mzere umene unafawo panatsala kamodzi ka tsamba limodzi. Dona anati katayidwe. Musa anakatola. Anatsuka mizu yake, anakadzala m'garafa imene anaipeza kudzala, n'kukaika pa zenera lathu. Kanachira. Chaka ndi chaka kankatulutsa kaphesi ka maluwa ofiirira. Iye ankati adzapita nako kwa Zainabu, akakaike pa thandala la nsomba, ntchentche zonse za ku Cuamba zithe. Anamulembera m'kalata. Yankho linabwera patatha chaka, kuchokera ku Malawi kumene Zainabu anathawira. Linati mabodza ake sanathebe, udzu sudya nyama, ndipo ngati wapeza mkazi wina angonena. Musa anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kalatayo anaiwerenga mpaka inang'ambika m'mapindo. Anatenga msomali n'kukanda chilembo choyamba cha dzina la mkazi wake pa galasi la garafa.

Ine makalata sindinkalemba. Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi, komanso sindinkadziwa chonena. Ndinkatumiza mabulangete, nsalu ndi kangachepe kudzera kwa oyendetsa magalimoto. Zina zinkafika, zina ayi. Uthenga unkabwera mochedwa. Ndinamva kuti mudzi wathu unatenthedwa, anthu anawolokera ku Malawi, ndipo mayi anga anamwalira kumsasa wa othawa nkhondo. Pamene ndinkamva n'kuti udzu utamera kale pa manda. Tsiku limenelo ndinathirira nyumba zonse zisanu ndekha. Musa sanalankhule mpaka dzuwa kulowa. Ndi tsiku lokhalo limene ndinamuona ali chete.

Iye ndiye ankapopera mankhwala, zitseko zili zotseka, kansalu kali pamphuno. Anayamba kutsokomola. Uthenga wa mtendere unatipeza iye ataonda kale. Tinapangana zobwerera limodzi nyengo yozizira ikatha. Anali atawerengera zonse: tikatsikira pa Mandimba, ndikamuonetse mango a kwathu, kenako iye akandionetse komboyo. Nyengo yozizirayo sanaimalize. Lamlungu masana, kuchipatala, anandigwira mkono.

"Garafa ija, mlamu. Akaone ndi maso ake, asamati ndine wabodza. Madzi a mvula okha. Ndipo iwe, usadzakadyetsenso."

Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Anamwalira Lachiwiri. Anthu a kumzikiti anamuika tsiku lomwelo. Ine ndinaima kumbuyo, chipewa chili m'manja.

Ndinagwira ntchito mpaka chaka chinatha, m'chipinda chija ndili ndekha, jekete lake lili pa msomali. Kenako ndinanyamuka. Garafa ndinaikulunga m'jeketelo n'kuiika pamiyendo, masiku asanu ndi limodzi. Ndinali ndi chigubu cha madzi a m'thanki. Ine ndinkamwa a m'njira, a m'chigubu anali a kamame. Pa malire a Mandimba msilikali anafunsa ngati ndi mankhwala a kwa sing'anga. Ndinati ayi. Ndinagwira ntchentche n'kuiika pa tsamba. Anaitana anzake. Chikwama changa anaiwala kutsegula.

Kumudzi ndinazindikira mango okha. Pamene panali nyumba ya bambo anga panali chulu ndi nsenjere. Amake Luwiza anali atabwerako ku Malawi chaka chimodzi ine ndisanafike. Anali atamanga kanyumba ka udzu, atalima kamunda ka chinangwa, ali ndi mbuzi ziwiri. Imvi zinali zitayamba. Anandilandira atagwada, ndi manja awiri, ngati mlendo wolemekezeka. Luwiza anakwatiwa ku Malawi komweko, sanabwere. Amake anandionetsa chithunzi chake: namwali wonyamula mwana kale, nkhope ya mayi anga.

Sitinkadziwa kulankhulana. Iwo anabwerako ndi mawu a kutsidya. Ine ndikati adubu, iwo feteleza. Ine garafa, iwo botolo. Ankandiuza za amene anafa ndi amene anatsala, mmene anadutsira m'phiri Luwiza ali kumsana, mmene anaikira mayi anga popanda wachibale wamwamuna. Ine ndinkangogwedeza mutu. Zanga sindinawauze. Za garafa ndinangoti ndi ya mnzanga, asaikhudze.

M'mawa uliwonse ndinkaitulutsa padzuwa, masana n'kuibwezera pamthunzi. Mvula ikamagwa ndinkatchera madzi m'beseni n'kusunga mumtsuko wakewake, wovundikira. Nthawi zina ndinkangokhala nayo pansi, osachita kanthu. Fungo la ndere zonyowa linkandibwezera ku chipinda cha malata. Ndinkamva ngati Musa ali pa bedi lake, akuyamba nkhani ya komboyo. Zaka zonse ku Joni ndinkalota Ngauma. Nditafika ku Ngauma ndinayamba kusowa chipinda chozizira chija.

Amake Luwiza ankaona. Tsiku lina ndinawamva pamtondo akuuza mnzawo kuti bambo a Luwiza anabwera ndi mkazi wachiwiri, amakhala m'botolo. Mnzawoyo anaseka kwambiri. Kuseka kwa amake Luwiza kunali kwakufupi.

Ku Cuamba sindinapite msanga. Ndinkati msewu sunayere, milatho ndi yothyoka, nyumba ikufunika, ndipo sindikudziwa ngati Zainabu anabwerako. Zonsezo zinali zoona. Ndinatuma mawu kwa ogulitsa nsomba odutsa pa njinga kuti akafunse. Koma choona china n'chakuti sindinkafuna kuti garafa ichoke.

Chilimwe chitafika pachimake ndinapita ku Mitande kukathandiza msuweni wanga kuwotcha njerwa, chifukwa nayenso anandithandiza zanga. Ndinakhalako masabata atatu. Kamame n'kuti katayamba kale kufooka ndi kutentha kwa kwathu. Pochoka ndinangoti azithira madzi a mumtsuko uja. Chifukwa chake sindinanene. Za manyowa sindinanene. Ndinachita ngati dona, kuloza ndi chala basi. Madzi a mumtsuko atatha, anathira a pachitsime. Ataona masamba akuchita chikasu, anachita zimene mlimi aliyense wa ku Ngauma akanachita. Zimene ine ndinachita.

Ndiye ndinali pa khonde paja, ndikutola mphutsi.

Ndinachita zonse zimene Musa anandiphunzitsa. Dothi ndinalikhuthula lonse n'kuliponya pamoto. Garafa ndinaitsuka ndi madzi otentha. Mwayi wake chizimalupsa chinagwa masana omwewo, ndinatchera mbale zonse za m'nyumba pabwalo. Ndi madzi amenewo ndinatsuka mizu. Yambiri inali yofewa, yoduka ndi kungoikhudza. Ndinapita kumtsinje, ndinatapa mchenga woyera, ndinautsuka kasanu ndi kawiri mpaka madzi kuyera. Ndere ndinakanda pa miyala ya pamthunzi. Nditadzalanso, ndinadula mbatata timapande n'kuika pamwamba pa dothi. Mphutsi zimakonda mbatata. Zimakwera kudzadya, m'mawa umangonyamula kapande n'kuponya pamoto. Tsiku loyamba zinalipo zambiri, lachiwiri zochepa.

Pakamwa pa garafa pankafunika kansalu kopyapyala, kuti tintchentche tisalowenso. Ndinafunafuna m'chikwama changa, ndinalibe. Amake Luwiza analowa m'nyumba. Ndinamva nsalu ikung'ambika. Anatuluka ndi kachidutswa ka mpango wawo woyera wa kutchalitchi, anakaika pafupi ndi phazi langa, n'kubwerera pa ntchito yawo. Sindinapemphe. Sindinathokozenso.

Masiku onsewo ankakhala chapatali, akusenda chinangwa, maso ali pa manja anga. Anafunsa kamodzi kokha chifukwa chake ndikutsuka mchenga. Ndinati kachomeraka kamafa ndi chakudya.

"Mukanandiuza," anatero.

Ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndinafuna kuwauza za mzere wa miphika uja, za Musa atavula chipewa pamaso pa dona. Koma ndinangopitiriza kutsuka mchenga.

Mame anauma. Masamba anayamba kugwa limodzilimodzi, mpaka linatsala limodzi, ngati kale lija. Ndinkati kanachirapo, kachiranso. Ndinkadzuka n'kuyang'ana pakati pa tsinde, ngati pali kansonga katsopano. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinakhudza tsambalo ndi kaphesi. Linathothoka ndi tsinde lomwe. M'kati mwa tsinde munali mphako, ndipo m'mphakomo munali mphutsi imodzi yonenepa. Imeneyo mbatata sinaifune.

Sindinaiphwanye msanga. Ndinaiyang'ana ikupindika pa chikhato changa. Kenako ndinaipatsa nkhuku.

Sabata lomwelo wa njinga wina anaima pansi pa mango athu. Anati Zainabu wa Musa alipo, amagulitsa pamsika waukulu wa ku Cuamba, mzere wa nsomba. Wamva kuti ku Ngauma kuli munthu amene ali ndi katundu wa mwamuna wake. Akudikira.

Ndinauza amake Luwiza kuti ndinyamuka Lolemba, ndikapereke garafa yopanda kanthu. Apo ndi pamene ndinawauza pang'ono. Kuti mwini wake anafa. Kuti mkazi wake ankamuti wabodza. Kuti ndinalonjeza atandigwira mkono. Anamvetsera osandiyang'ana, akupeta.

Lolemba nditadzuka anali kulibe. Garafa nayonso kunalibe. Ndinazungulira nyumba, ndinayang'ana kukhola. Dzuwa litakwera ndinawaona akutsika njira ya kumtunda, matope akuda mpaka m'maondo, kapulana yawo ya m'chiuno yonyowa ndi mame. Garafa anaifungata ngati mwana. Anaiika pa khonde n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

M'kati munali kachomera kofiira, mame ali waliwali. Masamba ake anali aafupi, ozungulira kunsonga ngati tizipande, osati aatali ngati a ka Musa. Koma ubweya womwewo, ulimbo womwewo. Pa tsamba lina panali kale kaudzudzu kakufa.

"Kudambo la kumtunda kadzaza, kumene timazula mlulu wa mikeka," anatero. "Timangokaponda. Ndazula ndi dothi lake lomwe. Sindinathiremo kanthu."

Anati anakafananiza tsiku lomwe ndinafika nako. Koma poti ndinati asakhudze, anaganiza kuti ka ku Joni n'kamtundu wina, kolemekezeka, ndiye anakhala chete.

Dambo limenelo ndinkadyetsako mbuzi za bambo anga. Ndinkayang'ana mbuzi, osati pansi. Zaka zisanu ndi zinayi ndinathirira kamame m'nyumba zagalasi, manja akung'aluka, azungu akubwera ndi magalimoto kudzagula. Kwathu amayi ankakaponda popita kukazula mlulu. Musa akanamva, akanaseka mpaka kugwa pa bedi.

"Si komweko," ndinatero.

"Ndikudziwa. Koma mayi uja wadikira zaka zambiri. Musamupititsire botolo lopanda kanthu." Anawerama n'kuyamba kupala matope m'miyendo ndi udzu. "Ine ndikudziwa mmene zimakhalira."

Ndinamanga kansalu kaja pakamwa pa garafa, ndinaikulunga m'jekete la Musa. Ndinabwereka njinga mpaka Mandimba. Kumeneko ndinakwera shapa, lole yotsegula kumbuyo, anthu ndi matumba pamodzi. Milatho inali ya mitengo yongoyala. M'mbali mwa msewu munali magalimoto opsa, udzu utamera m'kati mwake. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndikati: ka Musa kanafera m'manja mwanga, aka n'ka kwathu. Kapena ndikati: ndi aka. Tikadutsa mlatho umodzi ndinkasankha loyamba. Tikafika wina ndinkasankha lachiwiri.

Tinalowa mu Cuamba mawa lake masana. Ndinadzera pa siteshoni, ngakhale sinali njira. Komboyo inali itaima, amuna akutsitsa matumba a mchere. Wina anali wamfupi, wadazi. Ndinaima mpaka anatembenuka.

Pamzere wa nsomba sindinafunse munthu. Panali mayi wamtali, wa mawu aakulu, akuuza wogula kuti ngati akufuna nsomba zotsika mtengo akawedze yekha. Ndinawazindikira ndi pakamwa. Ataona jekete anasiyira mawu pakati. Anakankha kabokosi kuti ndikhalepo. Chinyanja anachiphunzira ku Malawi.

"Ndinu alamu osalankhula aja," anatero.

Ndinavomera ndi mutu.

Uthenga wa maliro anali ataulandira kale kwa anthu a kumzikiti. Anafunsa ngati anamusambitsa bwino, ngati anamugoneka moyang'ana koyenera. Ndinati inde. Anafunsa ngati anavutika. Ndinati anaseka mpaka kumapeto. Anati ameneyo ndiyedi.

Ndinamasula jekete. Ndinaika garafa pa thandala, pakati pa milu ya nsomba, n'kuchotsa kansalu. Ntchentche zinali paliponse. Zazikulu zinkatera pa galasi n'kuuluka. Tinadikira. Mayi wa thandala loyandikana anafunsa ngati tikupemphera. Kenako kamodzi kakang'ono kanalowa, kanazungulira, kanatera pa tsamba. Kanayesa kunyamuka. Kanakanika. Kanakupiza timapiko mpaka timapikoto tinamatira. Amayi a mzere wonse anasonkhana. Wina anati ndi ufiti. Wina anati mawa abwereke. Ubweya wofiira unayamba kuweramira pa kantchentcheko, pang'onopang'ono, ngati zala.

A Zainabu sanaseke. Anapeza chilembo chija pa galasi, anachisisita ndi chala chachikulu.

"Ndiye sankanama," anatero. "Wadazi uja sankanama."

Pamenepo ndinalankhula. Ndinawauza kuti madzi ndi a mvula okha, atchere m'beseni, asunge mumtsuko wovundikira. Ndinawauza kuti masamba akachita chikasu mtima udzawauza kuti athire manyowa, koma asamvere, chifukwa mizu imapsa ndi chakudya. Ndinawauza za tintchentche takuda, za mphutsi zoyera za mitu yakuda, za kapande ka mbatata, za mchenga wotsuka, za kansalu ka pakamwa. Ndinanena chilichonse ndi chifukwa chake. Sindinalankhulepo motalika chotero chibadwire. Amayi aja anamvetsera ngati pali ulaliki.

A Zainabu anavala jekete lija pamapewa, dzuwa lonselo. Anakumbatira garafa pachifuwa n'kuyang'ana m'kati nthawi yaitali. Misozi inkadonthera pa galasi. Kenako anakweza maso.

"Alamu, ndi komweka? Kamene ankathirira ndi manja ake?"

Ndinayang'ana pa thandala. Kachidutswa ka mpango woyera kanali pomwepo, pambali pa nsomba. M'mbali mwa garafa, pansi pa chilembo cha Musa, panali chidindo cha chala cha amake Luwiza, cha matope akuda a kudambo, chitauma.

Ndinaimirira. Ndinavala chipewa. Ndinadutsa mzere wa nsomba, ndinadutsa wa tomato, ndinatulukira kumsewu wa ku Mandimba, wobwerera kwathu. A Zainabu anandiitana kamodzi. Sindinacheuke.